Khadi la inshuwalansi lidzagwira pa chipatala chiti? Kuunika malipoti anayi a kafukufuku ndi maso a ku Ntchisi

Nkhani ya inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse yabwereranso pakamwa pa anthu. Imabwera nthawi iliyonse ndalama zikavuta, ndipo kuyambira mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lopita kumaiko ena, zavutadi. Pa wailesi ndi m'misonkhano ya ku Lilongwe mafunso amakhala awiri omwewo: ndalama zichokera kuti, ndipo alipire ndani. Pali funso lachitatu limene mayi wa kwa Nthondo angafunse akangolandira khadi m'manja, koma silimveka kawirikawiri m'misonkhanomo. Khadi limeneli akalionetse pa chipatala chiti, ndipo chipatalacho chili patali bwanji kwa munthu woyenda pansi?

Pali malipoti anayi a kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri tikamakambirana za kalipiridwe ka chithandizo kuno kwathu: la Maureen Chirwa ndi anzake la 2013, la Gerald Manthalu ndi anzake la 2016, la Samuel Watson ndi anzake lochokera ku Neno chaka chomwecho, ndi la Adrian Gheorghe ndi anzake la 2019. Onse anayi ndi ntchito yolongosoka, ndipo amapezeka pa intaneti kwa amene angafune kudziwerengera okha. Dandaulo langa ndi kawerengedwe kathu. Timatolamo zokhudza ndalama n'kusiya zokhudza malo, pamene kwa wodwala wa m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa malo ndiwo amagamula ngati chithandizo chaulere chili chake kapena cha ena.

Mkangano umenewu unachitikapo poyera ku America, ndipo n'kothandiza kuudziwa. Kumeneko kampani ya inshuwalansi imasankha zipatala ndi madokotala ochepa, n'kugwirizana nawo mitengo yotsika powalonjeza odwala ambiri. Wodwala akapita kwa amene sali pa mndandandawo, amalipira yekha zonse kapena gawo lalikulu. Iwo amati narrow network, ife tingati mndandanda wopapatiza. Lamulo la zaumoyo la Barack Obama la 2010 litayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2014, makampani ambiri anapapatiza mindandanda yawo kuti ndalama zolipira pamwezi zitsike. M'dera la New Hampshire kampani ya Anthem, imene inali yokhayo pa msika watsopanowo, inasiya kunja zipatala 10 mwa 26 za m'deralo, ndipo nkhaniyo inakula mpaka kulowa m'kampeni ya chisankho cha 2014. Ku Seattle chipatala chachikulu cha ana chinakasuma ku khoti mu 2013 chitaona kuti chasiyidwa pa mindandanda ya makampani angapo. Otsutsa lamulolo ankakumbutsa anthu lonjezo la Obama lakuti palibe amene adzalandidwe dokotala wake. Olikonda ankayankha kuti popanda kusankha zipatala, mitengo ikanakwera mpaka osauka kulephera kulowa n'komwe.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Akatswiri a zachuma Jonathan Gruber ndi Robin McKnight anatsatira ogwira ntchito m'boma ku Massachusetts amene anakopedwa kuti asamukire ku mapulani opapatiza mu 2011. Anapeza kuti ndalama zowonongedwa pa anthu amenewo zinatsika ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma pali mfundo ina m'lipoti lawo imene andale sankaitchula: phindu lalikulu linaoneka kwa iwo amene dokotala wawo woyamba, uja wa pafupi amene amawadziwa, anatsalabe pa mndandanda. Mtunda wopita kwa dokotala woyamba unachepa, wopita ku zipatala zikuluzikulu ndiwo unatalika. Ndiye kuti kupapatiza kumapindula ngati khomo loyamba lili pafupi. Khomo limenelo likakhala kutali, ndalama zimene zaoneka ngati zapulumutsidwa zimakhala za odwala amene sanafike.

Wina anganene kuti izi ndi za anthu olemera, sizitikhudza. Kumbali ina akunena zoona. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti mwa amayi ndi abambo 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amene anali ndi inshuwalansi ya zaumoyo sankaposa awiri. Ochepawo ndi ogwira ntchito zolembedwa, ambiri a iwo ali ku MASM, ndipo amadziwa kale kuti pulani ya Econoplan sitsegula makomo onse amene pulani ya VIP imatsegula. Amadziwanso kuti zipatala zambiri zolandira makadi zili m'mizinda. Munthu wa khadi amene watumizidwa kukagwira ntchito ku Malomo amadulidwa ndalama pamwezi zofanana ndi mnzake wa ku Area 18, koma akadwala usiku amapita pa chipatala cha boma chomwecho chimene mlimi wopanda khadi amapitako. Limeneli ndi vuto, koma ndi la anthu ochepa, ndipo sindikhalitsapo.

Mndandanda wopapatiza umene ukukhudza anthu ambiri m'dziko muno ndi wa chithandizo chaulere chomwechi. Timanena kuti ku Malawi chithandizo n'chaulere, koma chimakhala chaulere pa zipatala za boma zokha, kuphatikizapo zipatala za mishoni zimene zasaina mgwirizano ndi boma. Zipatala za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno, ndipo zambiri zili kumidzi kumene amishoni anafika boma lisanamangeko kalikonse. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatalazi, koma mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi amachokera ku ndalama zimene odwala amapereka. Kuyambira mu 2006 Unduna wa Zaumoyo unayamba kusainirana ndi zipatalazi mgwirizano umene tonse timangoutchula kuti SLA: chipatala chisiye kulipiritsa odwala ena pa matenda ena, boma lidzabweza ndalamazo. Mwa zoyenereza chipatala kulowa mu mgwirizanowu, chachikulu ndi chakuti pasakhale chipatala cha boma pa mtunda wa makilomita 8. Pamenepa pali wosankha, pali mndandanda, ndipo pali otsala kunja, monga mmene zinalili ku New Hampshire kuja. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno nkhaniyi sinafikepo pa msonkhano wa kampeni.

Lipoti la Manthalu ndilo umboni wamphamvu kwambiri woti SLA imathandiza. Anatenga ziwerengero za zipatala za mishoni 142 kuyambira 2003 mpaka 2010, n'kuyerekeza zimene zinasaina ndi zimene sizinasaine, nthawi ya mgwirizano isanafike ndi itafika. Amayi oyembekezera opita ku sikelo kamodzi kapena kuposa anachuluka ndi 15 peresenti, maulendo a ku sikelo anachuluka ndi 12 peresenti, ndipo ochilira pa chipatala anachuluka ndi 11 peresenti. Njira imene anagwiritsa ntchito ndi yoyenera pa funso limene anadzifunsa, ndipo aliyense wofuna kuthetsa SLA ayenera kuyamba wayankha ziwerengero zimenezi.

Koma m'lipoti lomwelo muli zinthu ziwiri zimene sizinasunthe, ndipo sizitchulidwa kawirikawiri m'misonkhano. Amayi oyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira sanachuluke, ndipo obwerera ku chipatala atachira sanachulukenso. Pa kuyamba sikelo mochedwa tonse tikudziwa kuti mwambo ulipo, mimba yaing'ono saiulula. Pa kubwerera atachira ine ndikuona mtunda. Mayi amakwera phiri kuti akachire chifukwa palibe kuchitira mwina, ndipo akhoza kupita msanga n'kukakhala ku chidikiro. Koma kukweranso phiri lomwelo patangopita sabata imodzi, ali ndi bala, khanda lili kumsana, kuti akangomuyeza, ambiri sapita ngakhale utawauza kuti salipira kalikonse. Awa ndi maganizo anga, lipotilo silinayeze zimenezo. Ndipo apa ndi pamene pali malire ake: ziwerengero zake zinachokera m'makaundula a zipatala, ndipo kaundula amalemba amene wafika. Sangatiuze ngati mayi wowonjezerekayo akanachilira kunyumba, kapena akanangodutsa pa mishoni n'kupita ku chipatala cha boma. Sangatiuzenso za mudzi umene uli pafupi ndi mishoni yosasaina, chifukwa pa mapu pakuoneka chipatala cha boma pa makilomita 7.

Makilomita 8 amenewa ndi amene ndikufuna tiwayang'anitsitse. Ndi muyeso wakale, ndipo ndondomeko ya zaumoyo ya 2017 mpaka 2022 inaugwiritsa ntchito ponena kuti anthu okhala mkati mwa mtunda umenewu anatsika kuchoka pa 81 peresenti mu 2011 kufika pa 76 peresenti mu 2016. Muyesowu umajambulidwa ngati mkombero pa pepala, chipatala chili pakati. Ku chigwa cha Lilongwe kapena ku Mchinji mkombero wotere sunama kwambiri, chifukwa njira imakhala yowongoka ndipo njinga imayenda. Ntchisi ndi ina. Kumadzulo, mbali ya ku Mponela ndi Kasungu, kuli chidikha cha fodya, soya ndi mtedza. Kum'mawa dziko limasweka kukhala zitunda ndi zigwembe zotsetserekera ku Nkhotakota, ndipo pakati pali phiri la Ntchisi ndi nkhalango yake. Kwa Nthondo, kwa Kasakula ndi kwa Vuso Jere munthu akhoza kuliona denga la chipatala tsidya lina la chigwa n'kuyenda maola atatu asanaligwire. Mvula ikagwa mu Januwale ndi Febuluwale, mtsinje umene unali mchenga mu Okutobala umatseka njira, wa kabaza amakweza mtengo kapena kukana kumene, ndipo ambulansi imaima pamene matope ayambira. Nthawi yomweyo ndiyo ya malungo ndi njala, pamene m'nyumba mulibe ndalama chifukwa fodya sanagulitsidwe.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 317,069 m'boma la Ntchisi. Chipatala chachikulu n'chimodzi, cha pa boma, ndipo wodwala wopitirira apo amatumizidwa ku Kamuzu Central, ulendo wa makilomita pafupifupi 90 kudzera ku Mponela. Zipatala za mishoni za m'bomali, monga Chinthembwe ya CCAP, ndi zazing'ono. Za mishoni zokulirapo zili m'maboma oyandikana: Madisi ndi Mtengowanthenga ku Dowa, St Andrew's ku Mtunthama m'boma la Kasungu, St Anne's ku Nkhotakota. Apa pakubwera vuto lachiwiri la mkombero uja. Mgwirizano wa SLA umasainidwa boma ndi boma, ndipo umawerengera anthu a dera limene chipatalacho chinapatsidwa. Wodwala sayenda motsata malire a khonsolo. Amatsata msewu umene galimoto imadutsa, msika umene amagulitsako mbewu, ndi mudzi umene kuli achibale oti akamudikirire. Munthu wa kumpoto kwa Ntchisi amene ali pa msewu wa Kasungu ndi Nkhotakota ali pafupi ndi zipatala za maboma ena kuposa cha boma lake. Palibe lipoti mwa anayiwa limene linafunsa kuti odwala odutsa malire amathera kuti, kapena kuti bilu yawo imapita kwa DHO uti.

Mndandanda wathu ndi wopapatiza pa malo, komanso pa matenda. Migwirizano yambiri ya SLA inayambira pa uchembere ndi makanda, ina n'kuwonjezera ana osakwana zaka zisanu. Zifukwa zake zinali zomveka, poti imfa za amayi zinali zochuluka ndipo ndalama zinali zochepa. Koma taganizani mmene zimaonekera kwa banja limodzi. Pa khomo lomwelo mayi woyembekezera amalowa ulere, mwana wa zaka zitatu mwina ulere, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa malungo omwewo amalipira, ndipo agogo a BP amalipira mwezi ndi mwezi mpaka kusiya. Anthu a m'mudzi sadziwa mawu akuti SLA. Amangodziwa kuti ku mishoni n'kolipira, kapena amamva kuti tsopano n'kwaulere, n'kukapeza kuti ulerewo si wawo. Akabwerako okhumudwa, amene amafunsidwa ndinu alangizi a zaumoyo ndi odzipereka, chifukwa ndinu munawauza kuti apite.

Lipoti la ku Neno likusonyeza kukula kwa zimene zimatayika pa khomo lolipira. Watson ndi anzake anatsatira zipatala zazing'ono za m'bomalo kwa zaka zingapo, pamene zina zinkayamba kulipiritsa ndipo zina zinkasiya. Pamene kulipiritsa kunayamba, odwala obwera anatsika ndi 68 peresenti, ndipo opezeka ndi malungo ndi HIV anatsikanso. Pamene kunachotsedwa, obwera anakwera ndi 352 peresenti. Ziwerengerozi zinachokera pa zipatala zochepa, ndiye sitingazinyamule momwemo n'kuziika pa Ntchisi. Komanso Neno ili ndi bungwe la Partners In Health, kapena kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, limene maboma ena alibe. Komabe Neno ndi dziko la mapiri ndi misewu yovuta ngati kwathu kuno, ndipo mwa malipoti anayiwa ili ndilo limene linayang'ana odwala onse a kunja, osati amayi okha. Malungo sanathe m'midzi pamene kulipiritsa kunayamba. Anangosiya kulembedwa.

Pali kupapatiza kwachitatu, kwa nthawi, ndipo apa lipoti la Chirwa ndilo linalasa. Iwo anakambirana ndi oyendetsa zipatala za CHAM ndi akuluakulu a zaumoyo m'maboma, ndipo anamva madandaulo mbali zonse: boma kuchedwa kubweza ndalama, mitengo ya mu mgwirizano kusasinthidwa pamene mitengo ya mankhwala ikukwera, kusakhulupirirana pa mabilu, ndi kusowa kalondolondo. Chipatala chimene chadikira ndalama miyezi yambiri chimatha mankhwala, kenako chimabwerera ku kulipiritsa. Pa pepala la ku Lilongwe chikadali pa mndandanda. Pa chipatala china cha mishoni chimene ndinapitako kukatenga ziwerengero ndinapeza chikalata cha pakhomo chonena za chithandizo chaulere chikadali chomatidwa, pamene wolandira ndalama anali atayambiranso kulemba malisiti. Mayi amene ananyamuka m'mamawa wopanda khobidi, podalira zimene anamva mwezi watha, amazidziwira pa windo. Ku America vuto lofanana nalo amalitcha ghost network: dzina la dokotala lili m'buku la kampani, koma ukaimba foni sakulandira odwala. Ndipo tisanyoze a mishoni okha. Chipatala cha boma chimene chilibe mankhwala, n'kumulembera wodwala m'kabuku kuti akagule ku famase, nachonso chili pa mndandanda wa ulere ndi dzina lokha.

Lipoti la Chirwa lili ndi zaka zoposa khumi, ndipo zina zasintha. Boma ndi CHAM anasaina mgwirizano waukulu watsopano mu 2016, ndipo ndalama za SLA zinayamba kudzera ku thumba la Health Services Joint Fund limene maiko a Britain, Norway ndi Germany amathandiza. Izi zinachepetsa vuto la DHO kulipira SLA kuchokera mu bajeti yomweyo ya mafuta ndi chakudya cha odwala. Koma zikutanthauzanso kuti kutalika kwa mndandanda wathu kukudalira zisankho za nyumba za malamulo za maiko ena.  

Tsopano lipoti la Gheorghe, limene ndilo likukhudza mwachindunji za inshuwalansi. Linachokera ku ntchito imene Unduna wa Zaumoyo unapempha kuti aunike ngati dziko lino lingakwanitse inshuwalansi ya dziko lonse. Yankho lawo linali losakondweretsa andale, koma ndikugwirizana nalo. Anthu a ntchito zolembedwa ndi ochepa, ndipo ndalama zimene inshuwalansi ingatolere sizingatseke dzenje limene lilipo. Kutolera ndalama kwa mlimi wa ku Kansonga amene amagwira ndalama kamodzi pachaka kungadye ndalama zambiri, ndipo njira zathu zodziwira osauka oyenera kukhululukidwa sizinafike poti tingazidalire. M'malo mwake olembawo anatsamira ku kukonza kagulidwe ka chithandizo: pakhale wogula wosiyana ndi wopereka, ndipo ndalama zitsate ntchito yooneka. Maganizo amenewa mudzawapezanso m'ndondomeko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ndi m'ndondomeko ya kapezedwe ka ndalama za zaumoyo ya zaka zomwezo.

Apa ndi pamene ndikusiyana nawo, osati pa zimene ananena koma pa pamene anaimira. Walira mvula walira matope. Wogula amene ali ndi mphamvu yosankha amakhalanso ndi mphamvu yosiya. Ukanena kuti ndalama zipite ku zipatala zimene zakwaniritsa muyeso, wanena kuti zina zitsala, ndipo n'zosavuta kulosera zimene zidzatsale. Chipatala cha m'tauni chili ndi madzi a m'mipope, magetsi, labotale ndi kalaliki wodziwa kulemba mabilu pa kompyuta. Chipatala cha kuseri kwa phiri chili ndi medical assistant mmodzi, anamwino awiri, sola imene batire yake inafooka, ndi netiweki ya pa chulu. Pa mpikisano wa mapepala chimagonja, ngakhale kuti kwa anthu zikwi zambiri ndicho chokhacho. Lipotilo linayeza njira zosiyanasiyana poona ndalama, chilungamo ndi kuthekera kwake, koma chilungamo chimene linaona kwambiri ndi cha pakati pa olemera ndi osauka. Cha pakati pa wokhala pa msewu wa phula ndi wokhala kuseri kwa chigwembe sichinapatsidwe malo okwanira, pamene onse awiri akhoza kukhala osauka mofanana.

Maiko anzathu anapunthwapo pa mwala womwewu. Ghana, imene inshuwalansi yake imatamandidwa, inayesa mu 2012 m'chigawo cha Ashanti kuti munthu aliyense asankhe chipatala chimodzi choyamba, ndipo chipatalacho chizilandira ndalama zokhazikika pa mutu uliwonse. Zipatala zinadandaula za kuchepa kwa ndalamazo, odwala anadandaula za kumangidwa pa khomo limodzi, nkhaniyo inalowa ndale, ndipo mu 2017 boma latsopano linaisiya. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, makampani a medical aid ali ndi zipatala zawo zosankhidwa, ndipo lamulo la inshuwalansi ya dziko lonse limene Cyril Ramaphosa anasaina mu Meyi 2024 likutsutsidwa m'makhoti. Mwa nkhani zokanganirana ndi yakuti ndi zipatala ziti zimene zidzavomerezedwe kulandira ndalama za thumbalo.

Sindikunena kuti boma lisainirane ndi chipatala chilichonse pa matenda alionse. Ndalama zimenezo kulibe. Dziko limene gawo loposa theka la ndalama zake za zaumoyo lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo silinakhazikike pa 15 peresenti ya bajeti imene atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001, liyenera kusankha. A DHO amene amakayikira mabilu ena a mishoni nawonso sakhala olakwa nthawi zonse, ndipo kulipira zipatala ziwiri zoyandikana pa ntchito imodzi n'kuwononga. Mndandanda udzakhalapo, kaya tiutche SLA kaya inshuwalansi. Chimene ndikukana ndi mndandanda wojambulidwa ndi mkombero, wosinthidwa mwakachetechete, umene wodwala amaudziwa atafika kale.

Ndipo pali chinthu china chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yolemera kuno kuposa ku America. Mu 2007 azamba a m'midzi analetsedwa kuchiritsa amayi, ndipo mafumu ambiri anaika malamulo a m'dera akuti mayi wochilira kunyumba kapena panjira alipe chindapusa, kaya ndalama, nkhuku kapena mbuzi. Cholinga chinali chabwino ndipo amayi ochilira ku chipatala anachulukadi. Koma lamulo lotere limaganiza kuti khomo laulere lilipo ndipo n'lofikika. Kumene mgwirizano waima, kapena kumene chipatala chaulere chili tsidya la mtsinje wodzaza, mayi amatsala pakati pa bilu ya mishoni ndi mbuzi ya amfumu. Amfumu sauzidwa kuti SLA yaima. Komiti ya chipatala nthawi zina imamva mochedwa. Ngati pali chinthu chimodzi chimene chingakonzedwe popanda ndalama zatsopano, n'chimenechi: tsiku limene chipatala chayamba kapena chasiya kupereka chithandizo china mwaulere, uthenga ufike kwa alangizi a zaumoyo, makomiti ndi mafumu sabata yomweyo, ndipo chikalata cha pakhomo chinene m'Chichewa kuti ndani salipira, pa matenda ati, mpaka liti.

Kwa anzanga ochita kafukufuku, mpata ulipo waukulu. Boma la America linafika poika muyeso wa nthawi ndi mtunda pa mapulani a pa msika wake kuyambira 2023, kutanthauza kuti kampani iyenera kusonyeza kuti wodwala angafike kwa dokotala m'mphindi zakutizakuti, osangoti m'makilomita akutiakuti. Ife sitifunika makina odula kuti tichite chimodzimodzi. Mlangizi wa zaumoyo aliyense ali ndi kaundula wa midzi yake ndipo amaiyenda ndi miyendo yake. Akhoza kulemba, pa mudzi uliwonse, nthawi imene mayi wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu angatenge kufika pa chipatala chaulere chapafupi, nthawi yofikira pa cha mishoni chapafupi, mtengo wa kabaza, mitsinje yowoloka, ndi chipatala chimene anthu amapitako kwenikweni ngakhale chikhale cha boma lina. Alembe kawiri, mu Ogasiti ndi mu Febuluwale, chifukwa mapu a chilimwe ndi a dzinja ndi osiyana. M'boma laling'ono ngati Ntchisi ntchito imeneyi ingatheke pa misonkhano ya pamwezi imene ilipo kale, ndipo ophunzira athu a chaka chomaliza amene amasowa mitu ya kafukufuku angathandize kuisanja.

Zotsatira zake zikhoza kusonyeza kuti migwirizano ina ili pamalo oyenera, ina ikufunika kuwonjezera ana a sukulu ndi a matenda a mgonagona, ndipo midzi ina ikufunika mgwirizano wodutsa malire ndi Dowa, Kasungu kapena Nkhotakota. Zikhozanso kusonyeza kuti kwina mlatho umodzi ungachite zambiri kuposa SLA. Chaka cha ndalama cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye ziwerengero za mu Febuluwale zikhoza kufika pa tebulo la khonsolo ndi la DHMT migwirizano ya chaka chatsopano isanasainidwe.